Ndinafufutitsa mzere umodzi m'buku la alamu anga

Dzanja lamanja la alamu anga linalumala chifukwa cha ine. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti amene akundinena kuno ku Nairobi adziwe kuti sindikuthawa mlandu. Koma inu owerenga, imvani mlandu wanga weniweni, osati umene akundipekerawo.

Ndinabwera kuno ngati dalaivala wa bungwe lina. Loweruka lililonse ndinkapita kukaonera mipikisano ya magalimoto othamanga m'misewu yafumbi, mpaka mtima unakana kumangoonera. Ndinagula galimoto yakutha, ndinaikonza ndekha, ndipo ndinathamanga zaka khumi ndi ziwiri. Zikho ndinatenga, sindinama, ndipo ndinkadzimva.

Pa mpikisano wotere m'galimoto mumakhala anthu awiri. Wina amagwira chiwongolero, wina amawerenga njira. Mpikisano usanafike, awiriwa amayenda msewu wonse pang'onopang'ono, akulemba m'buku kona iliyonse, dzenje lililonse, pamene payenera kupondedwa moto ndi pamene payenera mabuleki. Tsiku la mpikisano dalaivala sakhulupirira maso ake, amakhulupirira mawu a mnzakeyo. N'chifukwa chake bukulo saligwira munthu amene sanayende nawo. Lamulo limeneli ndinkalidziwa bwino kuposa wina aliyense. Wondiwerengera njira zaka zonsezo anali a Chisale, mchimwene wa mkazi wanga, munthu wofatsa amene sanandilowetsepo m'tchire ngakhale kamodzi.

Msana utayamba kuvuta, adokotala anandiletsa kuthamanga. Ndinatsegula galaja ku Ngong, n'kumakonza magalimoto a mabungwe ndi kugulitsa zipangizo, kenako ndinayambitsa timu yanga. Pampando wanga ndinaikapo Njeri, mayi wa kuno yemwe amayendetsa mwaluso, ndipo alamu anakhala womuwerengera. Thupi linatsika m'galimoto, koma mutu unatsalira momwemo. Mapanga awiri avumbwitsa: ndinkafuna kukhala mwini timu, ndinkafunanso kukhalabe dalaivala.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mpikisano wina uchitike kuseri kwa mapiri a Ngong, ndinapeza buku lawo lili patebulo m'galaja. Ndinalitsegula. Pa chitunda china chimene ine ndinkadutsa mouluka, iwo analemba kuti achepetse liwiro. Magazi anawira. Ndinaona ngati mantha basi, ndipo makampani amene anamata mayina awo pagalimoto yanga salipirira mantha.

Ndinaitana alamu n'kuwauza kuti afufute mzerewo. Iwo anati, “Alamu, msewuwu mwaupita liti komaliza? Mvula yakumba kuseri kwa chitundacho.”

Ndinawayankha kuti chitunda chimenecho ndachidutsa kambirimbiri iwo atangokhala pambali ngati katundu, ndipo timuyi ndi yanga. Mawu onyansa amenewo anatuluka m'kamwa mwangamu. Anatenga labala n'kufufuta. Njeri sanauzidwe kanthu.

Mawa lake masana, Njeri anamva mawu akuti ponda, ndipo anaponda monga dalaivala wabwino amachitira. Kuseri kwa chitundacho kunali chigwembe. Galimoto inagubuduzika katatu. Njeri anatuluka ndi mikwingwirima yokha, koma dzanja la alamu linaphwanyika. Njeri atamva zoona zake anandiponyera makiyi pachifuwa, n'kukwera matatu, minibasi ya kuno, osatsanzika. Sindimuimba mlandu.

Tsono apa m'pamene a kwathu anayambira. Ku mapemphero a Amalawi ku Hurlingham, ena anati Mulungu wandilanga chifukwa chothamangitsa magalimoto Lamulungu. Ena anafika ponong'onezana kuti ndinakhwimira bizinesi, ndipo dzanjalo ndi nsembe. Anthu ophunzira, ovala mataye m'maofesi akuluakulu! Ananditumizira akulu a mpingo kuti nditseke timu, ndibwerere kumudzi. Ndinakana, ndipo lero ndikukanabe. Musanamizire Mulungu, musanamizire mankhwala. Chinaphwanya dzanja lija ndi kamwa yanga. Mukandipatsa ufiti mukundipeputsira mlandu, chifukwa ufiti amapempherera n'kutha, pomwe kudzikuza kumafuna mwini wake asinthe.

Oyendetsa mipikisano atatiitana kuti afufuze ngoziyo, alamu anaimirira dzanja lili m'chikhakha, n'kunena kuti iwo ndi amene anawerenga molakwika. Ankanditeteza. Manyazi anandigwira kuposa tsiku lina lililonse m'moyo wanga. Ndinaimirira n'kufotokoza zonse, ndipo timu yanga inaimitsidwa chaka chathunthu. Ndinalandira, pajatu mutu ukakula sulewa nkhonya. Chakacho chatha, ndabwerera ndi dalaivala wina, ndipo amene ankayembekezera kuona galaja yanga itasanduka khola la nkhuku apitirize kudikira.

Inu owerenga amene mwakwera kuchoka pa ntchito ya manja n'kukhala abwana, luso lanu lakale lingakhale msampha kwa amene mwawalemba ntchito. Msewu umene munkaudziwa unasintha inu muli mu ofesi. Mukapatsa munthu mpando, dzukanipo ndithu, ndipo amene wapita kukaona ndi maso ake mumumvere, ngakhale mumamulipira ndinu. Chenjerani makamaka ndi wachibale wofatsa, chifukwa ulemu wake sudzakuletsani kulakwa.

Tsiku lina ndinapita kwa alamu ku Madaraka, ndipo ndinawapeza akuphunzira kulemba dzina lawo ndi dzanja lamanzere. Ndinawafunsa chifukwa chimene anafufutira mzere uja, chikhalirecho ankadziwa kuti chigwembe chilipo ndipo iwonso adzakhala m'galimotomo. Sanakweze mutu.

“Ndikanatani, alamu? Inu mumasunga mlongo wanga.”

Musadikire kumva yankho ngati limeneli kuti mudziwe kulemera kwa mawu anu.