Buku la Nkhope Zoyera

Mabuku oopsa ndinayamba kuwerenga ndili ku koleji, ndikuphunzira za usekeletale. Ndinkagula kwa anthu oyala mabuku akale m'mbali mwa msewu m'tauni: nkhani za nyumba zolira zokha, za akufa okana kugona m'manda. Tili ndi gulu pa foni, tonse okonda mabuku otere, ndipo anzanga amapikisana mantha. Wina akuti analephera kudya, wina akuti anaponya buku pa windo la kombi, minibasi ya kuno. Ine zoona sindinanenepo pa gulupo. Mabuku amenewa amandikhazika mtima pansi. Mantha a m'buku amakhala ndi tsamba lomaliza, ukafikapo umatseka n'kupita kukachapa matewera.

Mwana wanga wamkazi anakwanitsa zaka ziwiri ndi theka asanatchule liwu. Timachita lendi chipinda chimodzi ku Glen View, mu Harare muno, pafupi ndi pomwe amapangira mipando, pomwe bambo ake amakhoma masofa. Tsiku lonse ndi nyundo ndi macheka. Ana a anzanga ankadzidzimuka, wanga ankangogona. Ndinkaima kumbuyo kwake n'kumenyanitsa zivundikiro za mapoto. Osacheuka. Nesi wa ku kiliniki anandilembera kalata yoti akamuyeze makutu ku chipatala chachikulu, tsiku lake lili patali ndithu. Sindinauze munthu, ngakhale bambo ake. Ndinkaona ngati ndikatchula matendawo ndiye kuti ndawaitana. Kalatayo ndinaipinda n'kuilowetsa m'buku lomwe ndinkawerenga kuti izindisungira tsamba.

Bukulo ndinaligula molakwitsa. Pachikuto panali anyamata ataima m'nkhalango, nkhope atapaka zoyera, m'maso muli bii, ine n'kuyesa ndi nkhani ya mizukwa. Kufika kunyumba ndinapeza kuti ndi mbiri ya oimba a ku mayiko ozizira, aja a magitala olira ngati chigayo, amene kuimba kwawo ndi kubangula. Ena mwa iwo anatentha matchalitchi, ena anaphana okhaokha. Ndinawerengabe. Ndinkafuna kudziwa chimene chingakwiyitse chotero mwana wokhuta.

Masana ena ndinasaka nyimbo imodzi pa foni kuti ndimve zomwe ndikuwerengazo, n'kulumikiza ku kasipika ka bambo ake. Phokoso lake sindinalikonde. Koma mwana anasiya chidole, anapita pa sipika paja, anaikapo dzanja, kenako tsaya. Anaseka. Anayamba kugwedeza mutu motsatira ng'oma. Kanali koyamba kumuona akuyankha kanthu kolira. Ndinakweza mpaka pamapeto, misozi ili chuchuchu, ndipo sindinamve apongozi anga akuodira pakhomo.

Apongozi amakhala ku Mbare, koma anabadwira pa famu pomwe gule ankatuluka pa maliro aliwonse.

"Chikulira m'nyumba muno n'chiyani?"

"Ndi nyimbo chabe, amayi."

Anatola buku pa bedi, analiyang'ana nthawi yaitali. "Awa ndani?"

"Oimba. Ndi azungu."

"Azungu nawonso amavina gule? Ine ndakulira pa famu, chilombo ndimachidziwa ndikachiona. Munthu wamkazi sayang'anitsitsa nkhope izi. Munayamba liti?"

Ndikanatha kunama. Ndinati kalekale.

"Muli ndi pakati munkawerenga?"

"Ili ayi. Ena."

"Ena." Anatembenukira kwa mwana, amene tsaya linali likadali pa sipika. "Ndikamuitana ine agogo ake, sacheuka. Zamuitana izi, akuvina."

Lamlungu tinakhala pansi m'chipinda chomwecho: apongozi, bambo a mwana, mlongo wawo wamkulu amene ndi alamu anga, ndi amalume anga ochokera ku Waterfalls komwe amalondera nyumba ya anthu. Nkhani inali itaphikidwa kale. Mwana apite ku Mbare akakhale ndi agogo ake mpaka pakamwa padzatseguke.

Ndinati kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndi mbumba ya amalume, sangachoke iwo asanalole. Amalume anangoyang'ana nsapato zawo.

Alamu anaseka. "Kwanu kuti, sisi? Ku Dedza munapondako? Kuno ndi ku Harare. Amalume anu analandira malowolo, roora, ngati Mshona, ndiye lero akumbukire za mbumba?"

Ndinayang'ana bambo a mwana. Iwo ankachotsa kachitsotso m'chala.

Pamenepo ndinanena ndekha, palibe anandikakamiza. Ndinati ndiwotcha mabuku onse pamaso pawo, koma mwana andisiyire. Apongozi sanavomere, sanakanenso, ine n'kuyesa avomera. Ndinakokolola onse pansi pa bedi n'kuwathira m'thumba, mofulumira, kuti aone kuti sindikuwawidwa mtima. Kuseri kwa nyumba kuli mgolo wowotcheramo zidutswa za matabwa. Ndinakhuthuliramo mabuku, ndinathiramo parafini, machesi ndinayatsa ndine.

Chikuto cha nkhope zoyera chitayamba kupindika, buku linatseguka, ndipo ndinaona chidindo cha kiliniki. Ndinaponya dzanja m'moto. Bambo a mwana anandigwira pamkono n'kundikokera kumbuyo.

"Mwaona?" anatero alamu. "Akufuna kulipulumutsa."

"Muli kalata! Kalata ya ku chipatala, ya makutu a mwana."

"Kalata yanji?" bambo ake anafunsa, asanandisiye. "Iwe unapita naye ku kiliniki osandiuza?"

 Ndikanati chiyani, kuti ndinkaopa kutchula matendawo? Apongozi analowa m'nyumba, anatenga chikwama cha matewera ndi khadi la sikelo, anabereka mwana. Iye sanalire. Ankayang'ana utsi.

Ndinabwerera ku kiliniki. Ndinapeza nesi wina, amene anati kalata ina angalembe, koma ndibwere ndi mwana ndi khadi lake. Zonse ziwiri zili ku Mbare. Apongozi akuti akumupititsa ku mapemphero ndipo tisasakanize ndi zachipatala. Bambo ake akuti ndidikire mitima izizire. Tsiku lomwe linali pa kalata ija linadutsa ine ndikutsuka mbale.

Pa gulu la pa foni wina anafunsa kuti buku lomwe linatiopsa kuposa onse ndi liti. Anthu anayankha ambiri, ndi tinkhope toseka. Ndinalemba mizere itatu, ndinafufuta.

Amandilola kukamuona mwana Loweruka. Ndimamukhazika pamiyendo, ndimatenga kadzanja kake n'kukaika pakhosi panga, n'kumang'ung'udza motsitsa kwambiri kuti amve kunjenjemera. Poyamba ankaseka. Apongozi amakhala pakhomo, kusankha nyemba, maso ali pa ine, ndiye ndimasiya msanga. Loweruka lathali ndinamugwira dzanja kuti ndiliike pakhosi, iye analikoka n'kupita kukakhala pafupi ndi lichero la agogo ake.