Ndametera mpala kamtengo ka Madamu

Abale anga, sabata ino chakudya sichikulowa. Madamu akubwera Loweruka, ndipo ine ndawonongeratu kamtengo kawo.

Kuno ku Mirdif, mumzinda wa Dubai, komwe ndimagwira ntchito ya m'nyumba, pawindo pali kamtengo kotchedwa piyerisi. Nkakafupi ngati mkono wanga koma akuti nkakale kuposa ine. Amati bonsayi, mtengo woukaniza dala kukula. Kamamwa madzi ogula, ndipo makina oziziritsa m'chipindamo sazimitsidwa chifukwa dzuwa la Dubai lingakaphe tsiku limodzi. Kanali ka malemu bambo awo.

Ponyamuka ulendo Madamu anandiuza zambirimbiri m'Chingerezi chawo chothamanga chija. Ndinamva theka. Nanga ndinayankha chiyani? "Yes, Madamu."

Lachiwiri ndinangoona nsonga zonse zafiira psuu. Mayo ine! Kwathu ku Ntcheu tsamba la chimanga likafiira ndiye kuti zinthu zavuta. Ndinati matendawa asafalikire, nkutenga sizasi. Ndinadula zofiira zonse, mpaka kudziyamikira.

Kenako ndinatumiza chithunzi kwa achimwene a Yusufu, dalaivala wa nyumba yoyandikana nayo, amene anagwirapo kogulitsa maluwa. Anaimba pompo.

"Achemwali, mwatani? Zofiirazo ndiye masamba atsopano! Eni ake amadikira chaka chonse kuti aone zimenezo. Khalas, zatha basi!"

Viza yanga ili m'manja mwa banja lino. Mwana wanga Tadala ali Fomu 3. Mnzanga wina anamukweza ndege chifukwa chowotcha diresi ndi simbi, nanga ine wa mtengo wa malemu?

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma tanenani zoona, inu anzanga a m'nyumba za eni: ndi kangati mwavomera musanamve? Mankhwala a mwana, batani la makina ochapira, zonse "yes". Timaopa kuti tikafunsa kawiri ationa ngati mbuli nkuitanitsa wina. Ndiye timangolota, nkumapemphera kuti tilote bwino. Lero ndi mtengo. Likanakhala botolo la mankhwala a khanda bwenzi ndikulemba zotani?

Chimene chikundiwawa kwambiri nchakuti ndinkadziwa. Pakhomo pa mayi anga pali mtengo wa mango, ndipo chaka chilichonse umatulutsa masamba anthete ofiira. Palibe anautengerapo chikwanje. Mantha ndi amene anandiiwalitsa.

A Yusufu akuti kadzaphukanso, inshallah, koma osati pofika Loweruka. Akuti ndinene kuti masambawo anayoyoka okha. Ayi, mabala a sizasi akuonekeratu.

Madamu ndiwauza zoona. Ndayeserera mawu ake pagalasi kangapo, ndipo chikwama ndalongedza kale, kuti zikavuta ndisadzalongedze ndikulira.

Akadzayamba kukalipa m'Chingerezi chothamanga chija, kodi ndidzalimba mtima kunena kuti, "Sindinamve, Madamu, bwerezaninso"?