Ng'ona ya m'lipoti langa

Linali Lachinayi lomaliza la Okutobala, folo koloko masana. Ndinali nditagwira zaka ziwiri ntchito ya ugemu, kulonda nyama m'malo otetezedwa a ku Nsefu. Tsikulo tinali awiri, ine ndi akopolo, munthu wamkulu amene anayamba ntchitoyi ine ndidakali pasukulu. Tinapeza msodzi m'bwato pa dziwe lakuya la Luangwa, pamalo oletsedwa kuponya ukonde. Titamuitana, anayamba kupalasa kuthawa.

"Muopseze," anatero akopolo.

Ndinafuna kuombera m'madzi, kutsogolo kwa bwato. Mfuti inalira, ndipo sindidziwa ngati ndinaloza molakwika kapena bwato linathamanga kuposa mmene ndinayesera. Munthuyo anagwa chagada m'madzi ndipo sanaonekenso. Tinayenda m'mbali mwa mtsinje mpaka dzuwa kupendeka. Tinangopeza bwato litakodwa mu mtengo wogwa.

Akopolo anakwecha magazi m'bwatomo ndi mchenga. Atatha anati, "Wasukulu ndiwe. Ulembe kuti tapeza bwato lopanda munthu ndi mapazi a ng'ona pagombe. Ng'ona zilimodi m'dziwemu, sukunama kwenikweni. Za chipolopolo, ulembe kuti unaopsezera njovu."

Ndinali nditafika Fomu 2, ndipo malipoti onse a kampu yathu ndinkalemba ndine. Limenelo ndinalilemba mosamala, popanda chofufuta. Abwana anawerenga n'kusaina.

Wakufayo anali wa mudzi wina cha ku Lupande, ulendo wa ola limodzi pa njinga. Anasiya mkazi ndi khanda. Popeza mtembo sunapezeke, abale anakulunga thunthu la nthochi m'nsalu n'kuliika m'manda. Ndinalipo pa malirowo, ndinathandizanso kukwirira. Pobwerera ndinkaganiza kuti nkhani yatha.

Polemba lipoti lija ndinaiwala chinthu chimene ndinachidziwa kuyambira ubwana: kwathu kuno ng'ona sigwira munthu popanda woituma. Abale anapita kwa ng'anga. Ula unagwera amalume ake a wakufayo, mkulu wosema mabwato, amene anali atakangana ndi mnyamatayo za bwato lomwelo masiku angapo m'mbuyo. Anthu anawatenthera nkhokwe. Akazi awo anabwerera kwawo. Mlongo wawo, mayi wa wakufayo, analumbira kuti sadzawayankhulanso. Mkuluyo anakamanga kakhumbi kumapeto kwa minda, kumene njovu zimalowera. Palibe amene anagulanso bwato kwa iwo.

Zinatha zaka zinayi. Akopolo anapuma ntchito n'kukamwalira kwawo, ndipo wodziwa zoona ndinatsala ndekha. Ndinakwatira. Anthu ankanditama kuti ndine wofatsa, wosakonda zoyankhulayankhula. Ndikamadutsa pa njinga n'kuona utsi pa kakhumbi kaja, ndinkadziuza kuti aliyense ali ndi tsoka lake, kuti mkuluyo anali wokalamba kale, ndi kuti kuulula sikungadzutse wakufa. Ndinkaona moyo ngati ulonda: ukaona choopsa, zungulira, udutse kutali.

Amene anandilowetsa m'kalasi la ubatizo ndi mkazi wanga. Iye anali wobatizidwa kuyambira ali mtsikana, ndipo zinkamuwawa kukhala yekha pa Mgonero. Ndinapita kuti ndimukondweretse. Mayankho ndinkaloweza msanga kuposa anzanga onse. Tsiku lotiyesa, mkulu wa mpingo anandifunsa mafunso ake.

"Mowa mumamwa?"

"Ayi."

"Akazi alipo angati?"

"Mmodzi."

"Zithumwa m'chiuno, kapena pa mfuti yanu ija?"

"Ndilibe."

"Aa, ndiye inu agemu ndinu Mkhristu kale, mwangosowa madzi."

Onse anaseka, inenso ndinaseka.

Mkulu wosema mabwato uja ankabwera kutchalitchi Lamulungu lililonse. Ankakhala panja, pansi pa zenera, chifukwa akakhala pa benchi anthu ankasuntha mmodzimmodzi mpaka atsale okha. Ine ndinkasankha malo a mbali inayo.

Tsiku la ubatizo abusa anafika pa njinga kuchokera kumishoni. Kunali kotentha kwambiri. Madzi anali m'beseni lachitsulo lopindika m'mbali, ndipo anali atafunda. Polalikira anati mu ubatizo munthu wakale amafa n'kuikidwa m'manda, kuti watsopano auke. Mawu amenewa ndinali nditawayankha bwinobwino m'kalasi. Koma nditagwada, madzi akutsikira m'khosi la malaya, ndinakumbukira thunthu la nthochi lija. Ndinadziwa kuti ndikadzuka pamenepo n'kupitiriza kukhala chete, nanenso ndaika chinthu chongokulunga m'nsalu, munthu wakale uja akadali moyo.

Sindinamve chimwemwe chimene anzanga ankanena. Ndinangomva ngati munthu amene waitanidwa ndi dzina lake pakati pa gulu.

Titatuluka, anthu anafola kutigwira chanza. Mkulu wosema mabwato uja anaima patali. Nditayandikira, sanatambasule dzanja. Anaomba m'manja pang'ono.

"Mwalowa bwino, agemu," anatero. "Inenso mwina nditsatira."

"Mulowa kalasi, ambuye?"

"Akulu a mpingo akuti ndiyambe ndavomera za ng'ona ija pamaso pa anthu, ndiye adzandilandira. Ndakana zaka zinayi. Tsopano ndatopa. Lamulungu likubwerali ndingovomera. Ndakalamba, mwanawe, sindifuna kufa mutu uli wouma."

Ananena mosadandaula, ngati akukamba za mvula.

Kunyumba mkazi wanga anali atapha nkhuku. Alendo atapita, dzuwa lidakalipo, ndinamuitana kuseri kwa nyumba n'kumuuza zonse. Anapotokola nsonga ya chitenje.

"Mwadikira mpaka lero kuti mundiuze?"

"Eya."

"Ndiye mukufuna kutani?"

"Ndikanena."

"Ntchito itha. Akutengani ku Fort Jameson, akakutsekerani. Abale a wakufayo mwina sadikira n'komwe boma. Nanga ine ndi mimba iyi?" Anapukuta m'maso. "Munakhala chete dzulo, bambo. Lero chavuta n'chiyani?"

Ndinamuuza kuti mpaka dzulo mkuluyo ndinkamuona ngati chitsa cha m'mbali mwa njira, chongofunika kuchilambalala. Tsopano anali munthu amene akufuna kunena bodza pamaso pa Mulungu kuti alandire madzi omwe ine ndalandira mosavuta. Mantha ndinali nawo, ochuluka ngati kale. Kungoti sanalinso ondiuza chochita.

"Ndinu amene munandipititsa kukalasi," ndinatero.

"Ndinkafuna tizikhala limodzi pa benchi, basi," anayankha. Kenako analowa m'nyumba. Sanandiletse, sanandilolenso.

M'mawa mwake ndinasiya mfuti kukampu, ndinavala malaya omwe ndinabatizidwira, n'kukwera njinga. Mkuluyo ndinamupeza akumanga mpanda umene njovu zinagwetsa.

"Mwauka bwanji, ambuye?"

"Ndauka. Agemu mwalawira chotere, zagwanji?"

Ndinakhala pansi n'kuwauza mwadongosolo, kuyambira pa dziwe mpaka pa lipoti. Sanandidule mawu. Nditamaliza, anapitiriza kumanga luzi limene anali nalo m'manja, mpaka mfundo itakhwima.

"Munalipo pa maliro aja," anatero. "Ndinakuonani ndi fosholo."

"Ndinalipo."

"Ndipo tsiku lotentha nkhokwe?"

"Ndinamva."

Ndinayembekeza kuti atukwane kapena anyamule nkhwangwa, koma anangoti, "Ine mukundiuziranji? Ine ndikudziwa kale kuti sindinatume ng'ona. Kauzeni mlongo wanga."

Ndinawapempha kuti tipitire limodzi. Anakana. Anati m'mudzimo adzalowa akadzawaitana.

Njinga ndinaisiya pamenepo, ndinayenda pansi kudutsa m'minda ya thonje. Mayi wa wakufayo anali pakhomo akupeta chimanga, ndipo mpongozi wawo wamasiye ankasinja pambali. Anandipatsa mpando, koma ine ndinakhala pansi padothi. Ndinapempha kuti aitane amuna a pabanjapo ndi anyakwawa, chifukwa mawu anga ankafunika mboni. Anthu atasonkhana ndinavula chipewa.

"Amayi," ndinatero, "mwana wanu sanagwidwe ndi ng'ona. Ndinamuombera ndine."