Miyala pa Mwendo Wanga

Phokoso limene ndimakumbukira ndi la chingwe cha ukonde chikulira pa mtanda wa thandala loyanikira usipa, kwii, kwii, ndikangosuntha pang'ono. Kunsonga ina ya chingwecho kunkalendewera miyala. Kunsonga inayo kunali mwendo wanga.

Makolo anga anali atamwalira, ndipo ndinkakhala ndi agogo m'mudzi wa asodzi pafupi ndi Senga Bay. Chaka chimenecho ndinagwera pamoto wowambira nsomba n'kupsa kuseri kwa bondo. Ndinagona miyezi mwendo uli chopinda, poti kuuwongola kunkapweteka, ndipo bala litapola unakana kubwerera. Chidendene chinkalendewera m'malere, ntchafu inafota ngati ya nkhuku. Adokotala a kuboma anauza agogo kuti mnofu ukakhalitsa chopinda umafupika, ndipo tikapanda kuukoka tsiku ndi tsiku ndidzayendera ndodo moyo wanga wonse. "Pang'onopang'ono, koma kwa nthawi yaitali," anatero.

Agogo anagwira mawu oyambawo. Amalume atauzidwa anagwira omalizawo.

Amalume anabwera nyengo ya mwera, matipate atangoyamba. Kale anali m'gulu la anyamata a yunifolomu aja amene ankatseka misika n'kumakwapula anthu opanda khadi la chipani. Asilikali atabalalitsa misasa yawo anasowa miyezi yambiri, kenako tinangowaona ali pakhonde. Kugombe sankapita, kumsika sankaponda. Ntchito imene anadzipezera inali ine.

M'mawa uliwonse ankandigoneka chafufumimba pa thandala, bondo lili m'mphepete, n'kumanga miyala yomiza ukonde pa akakolo. Ndinkakhala choncho mpaka mthunzi wa mtengo wa mango utandichoka. Poyamba kuseri kwa ntchafu kunkayaka moto. Kenako kunkabwera dzanzi. Pambuyo pake, ndikapirira, mnofu unkalolera pang'ono, ngati munthu wotopa ndi mkangano. Bango la thandalalo linkanunkha usipa wakale, nyerere zinkandikwera m'khosi. Ndikayesa kukoka chingwe ndi dzanja kuti ndipume, lamba ankatera pamsana.

"Mnofu uli ngati munthu, mphwanga," ankatero. "Umayamba wakana."

Agogo ankakalipa ali pakati posankha usipa. "Iwe, ameneyo alibe khadi loti umufunse. Ndi mwana wa mlongo wako."

"Mukufuna azikapempha pa depoti, amayi?"

Madzulo agogo ankandithowa ndi kansalu ka madzi otentha, m'mizere ya lamba momwemo.

Zimandivuta kuvomera, koma mwendo unayamba kumva. Chala chachikulu chinakhudza mchenga. Patapita masabata, phazi linkaponda theka. Chimene chinadabwitsa agogo n'chakuti katumba anayamba kudzaza ngakhale sindinkayendera mwendowo, ndipo amalume akaika dzanja kuphazi kuti ndikankhe, ankagwedeza mutu. Ndimadziwa tsopano kuti chimene chinkagwira ntchito ndi maola aja, osati lamba. Amalume sankatha kusiyanitsa ziwirizo. Kumene anachokera zinkabwera pamodzi.

Tsiku lina m'mawa kunabwera bambo wina wogula nsomba wa ku Khombedza, wogontha khutu limodzi. Anaima pampanda n'kuyang'anitsitsa amalume. "Khutu ili mukulikumbukira, achimwene?" anafunsa, kenako anachoka osadikira yankho.

Tsiku limenelo amalume anamanga miyala yonse imene inalipo. Ndinalira mpaka mawu anatha. Ataona kuti bondo latsala pang'ono, anaika manja onse awiri pachidendene n'kutsamira ndi thupi lonse. Ndinamva kuti thee, ngati nsalu yakale. Chipsera chinang'ambika, magazi anadontha kudutsa m'bango mpaka pamchenga. Agogo anatola nkhafi n'kuwamenya nayo kumaso. Dzino linagwa. Amalume sanakweze dzanja, anangomasula chingwe.

Masana anabwera amuna ambiri, wogontha uja ali patsogolo. Anakokera amalume pamchenga wotentha n'kuwamenya ndi mitengo ya thandala lathu lomwelo. Ndinkaonera pa mpata wa chitseko, mwendo utakulungidwa chitenje. Amalume anadzipinda ngati bongololo osalira ngakhale kamodzi. Agogo, amene anawachotsa dzino m'mawa womwewo, ndi amene anawagwera pamwamba kuti anthu aleke. Ine chisoni sindinamve. Ndinkangoganiza kuti mawa sindigona pa thandala.

Bala linatenga nyengo yonse ya mvula kuti lipolenso. Litapola, agogo anabwezera chingwe ndi mwala umodzi wokha, ndipo anaukoka mwendowo mpaka chaka chinanso. Lero ndimaponda chidendene pansi. Ndimatsimphina pokhapokha kukazizira.

Koma zimenezo zinali kutsogolo. M'mawa wotsatira kumenyedwa kuja, amalume analowa pamene ndinagona, diso limodzi litatsekeka, ali opanda nsapato. Ndinabisa mwendo m'bulangete. Sindinkadziwa kuti dzulo lake anatsamira chidendene changa chifukwa anali ataona kuti masiku awo pamudzi atha, bondo lisanawongoke. Ndinkangodziwa kuti ndikuwaopa. Anandipatsa jombo zawo zakuda, zazikulu moti mapazi anga onse akanalowa mu imodzi.

"Udzavale zonse ziwiri," anatero, n'kutuluka kulowera kumsewu.