Mthuthuthu wa Amalume ndi Ulendo Umene Sindinauone

Ndikukumbukira zonse bwinobwino kupatula gawo limodzi, ndipo pa gawo limenelo ndili ndi mboni. Yoyamba ndi Yosefe, mwana wa mayi anga aang'ono, amene ali moyo mpaka lero ku Lisasadzi, ngakhale makutu anamuthawa. Yachiwiri ndi Che Amidu a sitolo, amene anatisiya kalekale koma sananamepo. Yachitatu ndi galu wathu Ndatopa. Wokayika akafunse atatuwa.

Ndinali ndi zaka khumi kapena kuposerapo pang'ono, m'masiku a Chitaganya, tisanalandire ufulu, pamene amalume anga a Gidiyoni anabwerako ku Halale n'kugula njinga yamoto yatsopano. Ife tinkati mthuthuthu. Unafika kwathu ku Kaomba utakwera lole ngati mkwatibwi, wakuda, wonyezimira moti tambala wathu anamenyana ndi chithunzi chake pa thanki mpaka anagonja.

Tonse tinkayembekeza kuti amalume auluka nawo. Koma iwo anatisonkhanitsa m'chigafa cha fodya natiuza malamulo amene anawapatsa wogulitsa ku Limbe.

"Injini yatsopano ndi khanda," anatero. "Zitsulo za m'katimu sizinadziwane. Ukaithamangitsa zisanazolowerane zimakandana, ndiye imadwala moyo wake wonse. Iziyenda pang'onopang'ono, izipuma, ndipo katundu wolemera ayi, mpaka mailosi ake akwane."

Anayendadi pang'onopang'ono. Ndikulumbira, tsiku lina ngolo ya ng'ombe inawapitirira, mwini ngolo n'kuwafunsa ngati akufuna kukokedwa. Amayi ena osenza nkhuni anacheza nawo kuchokera kudambo mpaka kutchalitchi, kenako anawatsanzika chifukwa amayiwo ankafulumira.

Lamulo la katundu ndi limene linandipweteka. Madzulo aliwonse amalume ankapita kumsewu waukulu ndi kubwerako kuti mailosi achuluke, ndipo ankafuna mwana mmodzi kumbuyo woti azitsika kukaingitsa mbuzi panjira. Anatitengera ine ndi Yosefe kwa Che Amidu, amene anali ndi sikelo yokoleka yogulira mtedza. Yosefe anamuika m'thumba n'kumukoleka, muvi wa sikelo osadziwa n'komwe kuti kwabwera munthu. Atandikoleka ine, mtanda wa denga unalira.

"Uyu, a Gidiyoni, musamuike pa mthuthuthu," anatero Che Amidu. "Uyu ndi wa lole."

Mpando unapita kwa Yosefe. Yosefe, munthu wosatha ngakhale kuimba likhweru! Ankabwerako akununkha petulo, ndipo anasiya kusamba kuti fungolo lisachoke. Anayambanso kuyankhula ngati makaniko. "Lero tinaipumitsa pa mlatho, inatentha pang'ono." Tinaipumitsa! Ine ndinkangomeza malovu, mtima ukuwawa ngati ndameza tsabola wosatafuna. Ndinkamufunira zoipa zing'onozing'ono: njuchi, minga, kunenepa. Ndinayesa kumupatsa mbatata zanga kuti alemere. Ankadya zonse, kuthokoza, n'kuonda kuposa kale.

Ndiye ndinaganiza kuti ngati Yosefe sakukwera pa sikelo, nditsike ndine. Inali nyengo yothyola fodya, maungu ndi chimanga chachiwisi zili mbwee, koma ine ndinasiya kudya. Chakudya changa ndinkaponyera Ndatopa mobisa, ndipo galuyo ananenepa mpaka ankauwa alendo ali chigonere. Mayi ankaganiza kuti ndadya kumunda, akumunda ankaganiza kuti ndadya kunyumba. Akandituma mchere kusitolo ndinkapempha kukolekedwa.

"Watsika ndithu," anatero Che Amidu tsiku lina, akundiyang'anitsitsa. "Koma iwe mwana, kwanu kuli njala?"

"Ayi, Che Amidu. Ndikungokula chobwerera."

Tsiku lake linali lotentha. Tinali m'chigafa tikusoka fodya, manja atada ndi utomoni wa masamba, fungo lake likukwera m'mutu. Amalume anandiitana kuti ndiwapatsire ndodo yopachikira fodya. Ndinaimirira, ndinaona mizati ikuvina, kenako mdima.

Apa ndi pamene mboni zanga zimayambira ntchito.

Akuti anandithira madzi, ine osadzuka. Mayi anayamba kulira. Chipatala cha mishoni chinali kutali, ndipo mailosi a mthuthuthu anali asanafike ngakhale theka. Akuti amalume anauyang'ana, kenako anayang'ana ine. Anandimangirira kumsana kwawo ndi nsalu ya mayi, naika Yosefe kumbuyo kuti azindigwira mutu. Anthu atatu pa khanda lija. Kenako anapotokola chogwirira chowonjezera liwiro mpaka pamene chimathera.

Che Amidu anaumirira mpaka imfa yawo kuti njinga sanaione. Anangoona fumbi, ndipo phokoso linafika pambuyo pake iwo atagulitsa kale sopo kwa anthu ena. Yosefe akuti mphepo inamuvula malaya osamasula mabatani, ndipo pa mlatho uja matayala sanakhudze matabwa. Akuti tinapitirira basi ya ku Mzimba, okwera n'kutiombera m'manja. Ndatopa anayesa kutitsatira, koma anagona pa chulu choyamba.

Nanga ine? Ndinatsitsimuka pa bedi lonunkha mankhwala, mayi wina wovala zoyera akundimwetsa phala la shuga, adokotala akuuza amalume kuti, "Mwanayu alibe matenda. Ali ndi njala pakati pa maungu." Ulendo wothamanga kuposa onse amene dziko la Kasungu linaonapo, ine ndinali pakatikati pake, ndipo sindinaone kanthu. Yosefe anaona zonse. Pobwerera kumudzi anandikweza ngolo.

Kuyambira tsikulo mthuthuthu unayamba kutsokomola. Unkatulutsa utsi, unkamwa oyilo ngati thobwa, ndipo m'mawa sunkalira popanda kukankhidwa. Wokankha ndinali ine, popeza ndinali nditayambiranso kudya ndipo mphamvu zinalipo. Lamulo la katundu linatha lokha, ndipo pambuyo pake ndinaukwera kambirimbiri, koma liwiro lija sunalipezenso. Pa chitunda ndinkatsika n'kuyenda pambali pake.

Ndinadikira chikwapu, sichinabwere. M'mawa wina, amalume akupukuta oyilo wodontha, ndinalimba mtima.

"Amalume, injiniyi ndinaipha ndine?"

Anapukuta manja pa chisanza, osandiyang'ana.

"Ku Limbe ziliko zambiri," anatero. "Iwe mlongo wanga anabala mmodzi. Kankha."

Nthawi imeneyo ndinangomva mawu omalizawo, ndipo ndinakankha. Zinanditengera imvi kuti ndimve enawo. Masiku onse aja ndinkakhulupirira kuti sikelo ya Che Amidu ndi imene ikunena mwana amene amalume amamukonda. Sindinkadziwa kuti munthu amene analeza mtima mpaka kupitiriridwa ndi ngolo pofuna kusamala injini yake akhoza kuitaya masana amodzi chifukwa cha mwana wopusa amene anadzipha yekha ndi njala. Utsi umene ndinkatsokomola nawo m'mawa uliwonse unali yankho, koma ine ndinkangoukupiza ndi dzanja.

Nsanje yokha ndiye sinathe. Ndikapita ku Lisasadzi, Yosefe amandikhazika pa mpando wabwino, amakonza kukhosi, n'kuyamba: "Paja iwe unali m'tulo, dikira ndikuuze mmene tinathamangira." Ndipo popeza samva, palibe njira yomuletsera.