Galasi Loposa la a Jekete

A Mawotchi anasiya kalekale kukonza mawotchi, koma dzinalo linawakanirira. Anali munthu wosachuluka mawu. Pa unyamata wawo ankatha kutola kasukuluwu kogwera pa simenti anzawo akungoona fumbi, ndipo ngati panali chinthu chimene ankachinyadira, anali maso awowo.

Akazi awo ankasoka pakhonde: zigamba, mipendero, mabatani. Makina analipo, koma ntchito yambiri inali ya pamanja. Chikwatirane, m'mawa uliwonse a Mawotchi ankakhala pampando wa pazenera n'kulowetsa ulusi m'singano zonse za tsikulo, wakuda, woyera, wofiira, n'kuzibaya mondondozana pa kapilo. Sikuti mayiwo sankatha ayi, anangozolowerana choncho. Mawu otsekemera a Mawotchi analibe, singanozo ndiye zinkawayankhulira. Ngakhale agone atakangana, m'mawa kapilo kankapezeka kodzaza, ndipo mayiwo ankadziwa kuti nkhani yatha.

Kenako maso anayamba kuchita nkhungu. Ulusi unkapita kumbali, iwo n'kuunyowetsa ndi malovu, n'kuyesanso, mpaka tiyi kuzizira. Anafukula kagalasi kawo kakale ka pa diso limodzi, koma kankangokuza mdima womwewo. Mayiwo nawo maso anali atatopa. Kusoka ankasoka ndithu, zala zinkadziwa njira, koma bowo la singano linkawazemba.

Pakhomo loyandikana nalo pankakhala bambo ena amene akazi awo anamwalira. Anthu ankawatchula kuti a Jekete chifukwa sankavula jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Mwana wawo anali atawatumizira kagalasi kokuzira zinthu, ka chogwirira chofiira, kokhala ndi kagetsi kunsi kwake, koti aziwerengera timalemba ta pa mabotolo a mankhwala.

Tsiku lina a Mawotchi pochokera kokawongola miyendo anapeza anthu awiri atawerama pakhonde. Akazi awo anali atagwira kagalasiko, a Jekete ali ndi singano ndi ulusi, mitu itatsala pang'ono kugundana.

"Achimwene, tabwerani muone zodabwitsa!" anatero a Jekete. "Bowo la singano likuoneka ngati khomo la basi!"

"Ndaona," anatero a Mawotchi, n'kulowa m'nyumba.

Kuyambira pamenepo a Jekete ankafika m'mawa uliwonse ndi "Odi, alamu!" wawo wokweza. Kapilo kankadzaza, koma ndi manja a wina. A Mawotchi ankangokhala pampando wa pazenera manja ali pa mawondo, kumvetsera akazi awo akuseka. Mlendoyo akachoka ankatenga kapiloko n'kumapapasa ulusi.

"Watalikitsa. Ukodwa umenewu. Mfundonso ngati akumanga mbuzi."

"Nsanje imeneyo, bambo?"

"Nsanje ya chiyani? Munthu wotuluka thukuta m'jekete?"

"Ndiye musiyeni atithandize."

Mawu oti "atithandize" anawakhala pakhosi tsiku lonse ngati munga wa nsomba.

Osauza munthu, anavala nsapato zawo zabwino n'kupita ku sitolo yogulitsa mandala. Mayi wogulitsa anawayalira magalasi pa kauntala, ang'onoang'ono ndi aakulu, ena a getsi loyera mbee, ena a getsi lachikasu.

"Mukufuna muzionera chiyani, agogo?"

A Mawotchi anatsokomola. Akanati chiyani, kuti singano za mkazi wanga zalandidwa?

"Zinthu," anatero.

"Zinthu zanji? Nyuzipepala? Mukanabwera nacho chinthucho tiyesere pompano."

Iwo anapanga bwalo ndi zala, kuyerekeza kagalasi ka a Jekete. "Ndikufuna loposa apa."

"Agogo, galasi likakula limaonetsa malo ambiri, koma limakuza pang'ono. Lamphamvu ndi laling'onoli. Ndipo lalikululo ndi lolemera, dzanja litopa."

A Mawotchi zimenezi ankazidziwa bwino, si munthu anakalambira pa mawilo a wotchi? Koma tsiku limenelo amene ankasankha sanali mmisiri. Analoza lalikulu kuposa onse, lotambalala ngati mbale, timagetsi titazungulira m'mphepete. Pobwerera analitulutsa m'bokosi, n'kudutsa nalo pang'onopang'ono pakhomo pa a Jekete.

M'mawa analawira pampando wawo. Anabaya singano pa kapilo, n'kuyatsa galasi. Chipinda chinawala, kapilo konse kanaoneka, ngakhale mizere ya m'manja mwawo. Koma bowo la singano linali kadontho kotuwa basi. Dzanja linayamba kutopa ndi kulemera kwa galasilo. Ali pakati polimbana, anamva "Odi, alamu!"

A Jekete anasuzumira pakhomo, n'kuima kukamwa yasa.

"Achimwene, mwagula galasi kapena chiwaya?"

Mayiwo anayesa kudzigwira pakamwa, koma kuseka kunawapulumuka. A Mawotchi anazimitsa galasi lawo mwakachetechete. Tsiku limenelonso singano zinalowetsedwa pakhonde.

A Mawotchi anabwerera ku sitolo masana omwewo, singano yaing'ono kwambiri ataibaya pa kolala, ulusi wakuda ataukulunga pa chala. Wogulitsa uja sananene kuti ndinakuuzani. Anangolandira chiwayacho n'kuyalanso ang'onoang'ono aja.

Apa ndiye a Mawotchi anasankha ngati mmisiri. Loyamba linali lofooka. Lina linali lamphamvu kwambiri moti singano inkasowa akangosuntha pang'ono. Getsi loyera linkanyezimira pa chitsulo n'kuwathobwa m'maso, lachikasu linali lofatsa. Anayesa batani loyatsira ndi chala chachikulu, anafunsa za mabatire, anayeza kulemera kwake pa chikhatho. Pamapeto pake linatsala limodzi. Atayandikiza diso, bowo lija linatseguka bwinobwino, m'mbali mwake muli ngwee.

Anayang'ana chogwirira. Chofiira. Linali lofanana ndendende ndi la a Jekete.

"La mtundu wina mulibe?"

"Lakuda linatha, agogo."

Anakwinya nkhope ngati munthu amene wapatsidwa mankhwala owawa. Kenako anati, "Likulungeni." Ulendo uno anadzera njira ya kuseri.

Kutacha anakhalanso pazenera. Kuona ankaona tsopano, koma panabuka vuto lina. Anazolowera kugwira singano kumanzere, ulusi kumanja, ndipo galasi nalo linkafuna dzanja lake. Atabaya singano pa kapilo inkapendama ulusi ukangoikhudza. Anayesa kupana chogwirira ndi chibwano, galasi linagwera pa miyendo.

Akazi awo anali ataima pakhomo la kuchipinda, akuonerera.

"Manja muli nawo atatu, bambo?"

"Ndikwanitsa."

"Bweretsani kuno. Kuuma mutu ngati chitsa."

Mayiwo anakoka mpando, n'kukhala pafupi, n'kugwira galasilo.

"Tsitsani pang'ono," anatero a Mawotchi. "Kwambiri. Eya, pomwepo."

Mitu inagundana. Tsitsi la mayiwo linkanunkhira sopo. M'mphepete mwa kuwalako a Mawotchi anaona nsonga ya chala cha akazi awo, yokhakhala, yodzaza timabowo ta singano za zaka zonsezo. Ulusi wakuda unalowa ulendo woyamba womwewo. Anaudula waufupi monga ankachitira kale, n'kumanga kamfundo kakang'ono. Unatsatira woyera, kenako wofiira.

"Odi, alamu!"

Chithunzithunzi cha jekete chinatseka khomo. Mayiwo anafuna kudzuka.

"Musasunthe, mayi, musokoneza kuwala," anatero a Mawotchi osadzutsa mutu. "Lowani, achimwene. Khalani pamenepo, tatsala pang'ono."

"Aa, mwagula ngati langa!"

"Ayi. Langa likuwala kuposa."

Singano zonse zinali zitatha kale, kapilo kali kodzaza. A Mawotchi anazula ya kumapeto, n'kusolola ulusi umene anali atangoulowetsa kumene, n'kuunyowetsa ndi malovu mosafulumira. Akazi awo anaona. Anawaponda phazi pansi pa tebulo, koma galasi sanalisunthe.