Gitala Yotsiriza ya Mkamwini

Mpaka lero ndikamva fungo la vanishi, mtima umandibwezera pakhonde la nyumba yathu kufupi ndi Mbulumbuzi, chaka chimene amayi anamwalira. Inali nyengo youma nandolo, makoko ake akuthetheka okha padzuwa. Pakhondepo pankakhala bambo anga, thabwa la mbawa lili pamiyendo, akulipala ndi chidutswa cha botolo. Fumbi lofiira la thabwalo linkagwera m'tsitsi la mlongo wanga Yohane, amene anali asanayambe sukulu.

Bambo anali mlimi ngati wina aliyense, koma anali ndi matenda awoawo: kupanga magitala a magetsi, m'mudzi wopanda ngakhale babu limodzi. Sankagulitsa, ankangopatsa anthu. Tizitsulo ta pakhosi pa gitala ankadula ku masipoko a njinga. Maginito ankachotsa m'masipika akufa, n'kuwakulunga ndi waya wa kopa woonda ngati tsitsi, wosomola m'mawailesi otayidwa. Kachipangizo kameneka ankati ndi khutu la gitala, chifukwa ndi kamene kamamva nsambo n'kutumiza mawu ku sipika. Amayi ankakonda kuwaseka kuti anakwatiwa pa mitala, ndipo mkazi wamkulu ndi thabwa.

Kwathu mwamuna amakhala kwa mkazi. Bambo anali mkamwini wochokera ku Milepa, ndipo munda, nyumba ndi ife ana tinali a mbumba ya amayi. Maliro atatha, aliyense ankadziwa chotsatira: kusudzula, mwambo womasula wamasiye kuti abwerere kwawo. Ana satsatira. Koma amalume athu, mwini mbumba, anali otsogolera kwaya ku tchalitchi, ndipo bambo anali atawalonjeza gitala amayi asanadwale. Amalume sankafuna kuti lonjezolo lipite ku Milepa pamodzi ndi mwini wake.

"Alamu, malizani kaye gitalayi," anatero tsiku lina atakhala pachitsa. "Zosudzulazo tidzakamba ikalira."

Ndinali mu sitandade folo, koma masamu amenewo ndinawamva bwino. Gitala ikalira, bambo apita.

Sindinaonepo ntchito yoyenda pang'onopang'ono ngati imeneyo. Bambo ankapaka vanishi, n'kumudikira aume, kenako n'kumupalanso yense ponena kuti panagwera fumbi. Khosi la gitala analiwongola mpaka linasalala ngati mpini wakale. Amalume akabwera kudzaona, bambo ankawasonyeza kampata kosaoneka ndi maso n'kuwauza kuti chinthu cha Mulungu sachipanga mothamanga. Amalume ankabwerera akung'ung'udza.

Atafika pa khutu lija ndi pamene ndinawagwira. Waya wake amakulunga kambirimbiri, ndipo akaduka pakati, munthu umayambiranso. Mmawa wina ndikusesa, ndinaona bambo atagwira waya amene anakulunga sabata yonse. Anamuika pa chikhadabo, n'kumudula. Atadzutsa mutu anapeza ndikuwayang'ana. Tsiku limenelo ndinapita ku sukulu ndikudumphadumpha. Chiyambire maliro, kanali koyamba kusangalala.

Nandolo anatha, dzuwa linakula, fumbi linakuta phiri la Chiradzulu. Chaka chimenecho sitinakolole kwenikweni, chifukwa nthawi yopalira bambo anali kuchipatala kudwazika amayi. Chimanga chochepacho anachisamutsira kunkhokwe ya amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi, ndipo iwo ndi amene ankatiphikira. Ankatumiza mbale ya ana awiri. Sanali munthu wankhanza, nawonso anali ndi ana awo asanu, koma pakamwa pawo panali pakuthwa. Ankati mlendo ndi mame, koma mame ena dzuwa limachita kuwatopera. Ankanena akuyang'ana nkhuku, mokweza kuti mawu afike pakhonde.

Mbale ya awiri ija tinkadya atatu. Mango aawisi tinkawaphika, n'kumwera madzi. Yohane anasiya kuthamanga, ankangokhala pansi pa tebulo la bambo akuseweretsa tizidutswa ta thabwa, ndipo tsitsi lake linayamba kufiira ngakhale popanda fumbi. Kenako bambo anayamba kunena kuti fungo la vanishi lawatsekera kukhosi, tidye tokha. Ine ndinakhulupirira, ndipo ndinkadya mosangalala. Lamba wawo anamuboola bowo lina ndi msomali wotentha.

Mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana, ntchito inasintha liwiro. Bambo ankakulunga waya uja kuyambira mmawa osadzuka, milomo ili gwa. Ndinkadikira kuti adule, koma sanadule. Pamene ankawotcherera nsonga zake ndi mtovu, utsi wowawa uli tolotolo, ndinawagwira mkono.

"Ababa, dulaninso."

"Waya watha, mwanangu. Ndikadula uyu palibenso wina."

Linali bodza. M'chitini cha pansi pa bedi munali waya wambiri, ndinkamudziwa.

Anaiyesa Lamulungu masana, pabwalo la amalume. Batire la galimoto anabwera nalo pa njinga kuchokera ku Mbulumbuzi, ndipo sipika anaiika pa mpando ngati mlendo wolemekezeka. Ine ndinaima kuseri kwa nkhokwe ndikupemphera kuti isalire. Bambo anakhudza nsambo imodzi, mawu ake anatuluka oyera, aatali, mpaka mbuzi zinadzidzimuka. Amayi a kwaya analuluta. Inali gitala yabwino kuposa magitala onse amene anapangapo, ndipo ndinadana nayo ndi mtima wanga wonse.

Anawasudzula sabata yotsatira. Bambo anamanga zida zawo m'thumba la feteleza, n'kulikweza pa njinga. Yohane anawathamangira mpaka pamsewu. Ine ndinakana kutuluka m'nyumba, ndipo atandiitana kawiri, anapita. Ku Milepa sanakhalitse, anapitirira kukagwira ntchito m'minda ya ku Mozambique, kumene anamwalira ndisanamalize pulayimale. Gitala ija ndinkaimva Lamulungu lililonse, ndipo sindinalowepo kwaya.

Kwa zaka zambiri ndinkati bambo anatopa nafe, anasankha kuti thabwa lawo lilire m'malo moti akhale ndi ana awo. Ndazindikira mochedwa, nditayamba kugawira ana anga chakudya m'chaka choipa. Munthu amene ankadula waya uja ndi amene anasiya kumudula anali mmodzi, ndipo chifukwa chake chinali chimodzi. Mbale ija inali ya awiri, ndipo bambo atachoka inatikwanira. Mvula itagwa, Yohane anayambanso kuthamanga.